Mabatani a Malaya a Bambo Tuong

M'mudzi mwathu muno, kumtunda kwa chigawo cha Quang Tri, mayi akafuna kuchititsa manyazi mwana waulesi amangotchula dzina limodzi: "Taona a Tuong! Alibe manja, koma tsabola wawo amaposa wa bambo ako." Ana ambiri akula akulida dzina limeneli, ndipo palibe angawadzudzule.

A Tuong manja anawasiya m'thengo ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Nkhondo inali itatha, koma inasiya mbewu zake m'dothi, ndipo anyamata masiku amenewo ankakumba zitsulo zakale n'kumagulitsa. Iwo anatola kabomba kakang'ono ngati gwafa. Kuyambira tsiku limenelo mikono yawo imathera pamene ena amavala wotchi. Koma mikono yoduka yomweyo imagwira khasu lomangirira ndi mphira, imawongolera njinga, imaika zofukiza paguwa la makolo, ndipo ikapana cholembera imalemba zilembo zokongola kuposa za aphunzitsi. Pa masewera a tchesi ndiye musayambe n'komwe. A Luyen, ometa tsitsi oyandikana nawo nyumba, akhala akugonja masana aliwonse kuyambira unyamata wawo, ndipo mpaka lero akuti mawa abweza.

Koma anthufe maso tili nawo ongokongoletsa nkhope. Zaka makumi atatu ndi ziwiri tinkawaona a Tuong akutuluka m'nyumba m'mawa uliwonse, malaya omanga mpaka pakhosi, chibwano chosalala ngati dzira, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodzifunsa kuti kodi batani limalowa bwanji pabowo popanda chala.

Mwini nkhaniyi ndi mayi Lai, akazi awo. Ndi mayi ochepa thupi, osalankhulalankhula, oti mukakumana nawo pamsika mumawaiwala musanafike kunyumba. Akazi anzawo ankawatcha amwayi. "Wako ndiye mwamuna, Lai. Wanga manja ali nawo awiri, koma onse ndi onyamulira botolo." Iwo ankangomwetulira n'kupitiriza kusankha ndiwo.

Pamene ankakwatiwa, mayi awo analira ngati pali maliro. "Mwana iwe, amuna atha? Ukukwatiwa ndi ntchito!"

"Amuna a manja ndawaona, amayi," anayankha motsitsa mawu. "Ndaonanso zimene amachita nawo."

Mayi awo anamva tanthauzo lake, pakuti bambo a m'nyumba imeneyo dzanja lawo linali lopepuka pomenya.

M'mawa woyamba wa ukwati, mkwatibwi anadzuka n'kupeza mwamuna wake akulimbana ndi chingwe cha thalauza, thukuta lili kamukamu, nkhope atalozetsa kukhoma. Kale zimenezi ankamuchitira mayi ake. Lai sanafunse kanthu. Anatseka chitseko, namanga chingwecho, namanganso mabatani asanu ndi limodzi kuyambira la m'munsi mpaka la pakhosi, kenako anatsegula chitseko n'kukayatsa moto. Panalibe amene anati "tisunge chinsinsi." Chitsekocho chinangozolowera kutsekeka m'mawa uliwonse.

Kuseri kwa chitseko chimenecho kunali madzi ofunda, sopo, lumo ndi chipeso. Kukhitchini, nsomba ankayamba aichotsa minga yonse n'kuiyalanso m'mbale ngati sinakhudzidwe, kuti alendo aone amuna awo akudya ndi supuni yawo yomangirira ngati wina aliyense. Ndiye panali zina zimene munthu satchula pagulu, koma thupi lililonse limazifuna tsiku ndi tsiku. Pa zimenezo a Tuong ankapita kuseri kwa nyumba n'kutsokomola kawiri, ndipo mayi Lai ankasiya chilichonse chimene agwira, kaya mphika uli pamoto, kaya mlendo ali pakati pa nkhani. Mudzi wonse unkadziwa kuti a Tuong ali ndi chifuwa chosamva mankhwala. Anthu okoma mtima ankabweretsa uchi, mandimu ndi mizu yowawa, ndipo mayi Lai ankalandira ndi manja awiri n'kuthokoza.

N'chifukwa chake sanagonepo kunja kwa nyumba yawo. Mien, mwana wawo mmodzi yekhayo, anamuberekera pakhomo, ndipo m'mawa mwake anamanga mabatani aja ali chigonere pamphasa. Mayi awo atamwalira kumudzi wakutali, ankapalasa njinga kubwerera kwawo dzuwa likamalowa, n'kupitanso kusiwa m'mawa atamaliza ntchito yawo. Abale anawanena kuti alibe mtima. Zinawapweteka kwambiri, koma sanadziteteze.

Chotupa cha m'bere anachimva okha posamba, mvula ya chaka china itangoyamba. Anazengereza, kenako anakwera basi yam'mawa kupita ku chipatala chachikulu cha ku Hue, atanena kuti akukagula nsalu.

"Pakufunika opaleshoni, mayi, ndipo isachedwe," anatero dokotala. "Tichotsa bere lakumanja. Mugona kuno masabata awiri kapena atatu, ndipo mkono umenewu simudzaukweza bwinobwino kwa miyezi."

Wina akanafunsa ngati achira. Mayi Lai anafunsa kuti, "Nanga zala zizigwira?"

"Kugwira chiyani?"

"Batani."

Dokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuyamba kusakasaka tsiku pakalendala. Iwo anapempha kuti Tet, chaka chathu chatsopano, iyambe yadutsa. Dokotala anakalipa kuti chotupa sichidziwa chikondwerero, koma anapeza kuti akulankhula ndi mwala. Anagwirizana sabata yoyamba Tet ikatha, osapitirira ndi tsiku limodzi lomwe. Inali miyezi iwiri, ndipo m'miyezi iwiri imeneyo mayi Lai anayenera kupeza manja ena oti alowe m'malo mwa awo.

Ali m'basi pobwerera anakumbukira za thandizo la boma. Olumala amaikidwa m'magulu atatu: ulumali wopepuka, waukulu, ndi waukulu kwambiri. A gulu lopepuka salandira kanthu pamwezi, koma enawo amapatsidwa kangachepe, kokwanira kulemba munthu woti azibwera m'mawa. Mayi Lai ankawadziwa bwino amuna awo. Chisoni cha munthu sakanachilandira ngakhale atawaloza ndi mpeni, koma wantchito womulipira okha mwina akanamutsegulira chitseko. Anatsikira pa ofesi ya boma ya dera lathu n'kutenga fomu.

Atafika kunyumba ananena zonse, za bere ndi za fomu yomwe. Za bere zija a Tuong anangoyang'ana mvula panja. Za fomu ndiye anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Ndalama za olumala apatseni olumala! Mukufuna ndikatambasule manja kuboma? Manja ake ati?"

"Ndiye ndikakhala kuchipatala muzitani, bambo a Mien?"

"Ndikwanitsa. Kapena abwere Mien."

"Mien ali ndi khanda, ndipo kufakitale sapatsa munthu miyezi. Komanso tanenani zoona, mungatsokomolere mwana wanu wamkazi?"

Patapita masiku awiri a Tuong anaitanitsa fomu ija. Pansi pake panalembedwa kuti sainani kapena dindani chala. "Chala ndikabwereke kwa yani?" anang'ung'udza, napana cholembera, nalemba dzina lawo lonse mokhotetsa bwino ngati pa satifiketi ya sukulu.

Kalaliki wa pa ofesi ija ananena kuti a komiti adzabwera kunyumba kudzaona okha zimene munthuyo amatha ndi zimene satha. A Luyen atamva, anadumpha mpanda ndi malangizo.

"Alamu, tamverani ine, ndameta mitu yambiri ndipo ndamva zambiri. Sabata yonseyi mubiseni lumo mnyamatayu, ndevu zimere ngati udzu. Panja musasese. Akabwera amupeze chigonere, azibuula pang'ono. Akafunsa, zonse muziti sangathe. Bomatu limathandiza wolira."

"Iwe ukufuna ndiname?" anakuwa a Tuong ali pakhonde.

"Kunama pang'ono, aise! Tonse tikudziwa kuti umachita zonse wekha, koma iwo asadziwe."

Mayi Lai anangoyang'ana pansi. Munthu ankawaphunzitsa kunama, osadziwa kuti chimene akuti bodzacho ndiye chinali choona.

Tsiku la komiti linafika, ndipo apa m'pamene mayi Lai analakwitsa, kulakwitsa kwake kwa munthu wolera bwino nyumba. Alendo anayi, ena a iwo akuluakulu a boma, alowe pakhomo posasesa? Apeze mwini nyumba ali nyankhalala? Manja awo anakana. Anasesa mpaka kumsewu, anapukuta guwa la makolo, anakazinga mtedza, ndipo amuna awo anawameta kawiri n'kuwaveka malaya oyera a paukwati wa Mien. Mumtima ankadziuza kuti mafunso akayamba, choona chidzatuluka chokha.

Mlendo kwathu kuno sayamba nkhani asanamwe tiyi, ndipo wothira ndi mwini nyumba. A Tuong anapana ketulo ndi mikono yawo, natsuka timakapu ndi madzi otentha, nathira mozungulira kuti tiyi akhale wofanana mphamvu m'kapu iliyonse, osadonthetsa ngakhale dontho. Kenako ankanyamula kapu imodziimodzi ndi mikono yonse iwiri n'kupereka mowerama, kuyambira kwa wamkulu. A tcheyamani a komiti anawomba m'manja.

"Abale, mwaona? Ine ndi zala khumi ndimatayira patebulo. A Tuong, inu ndinu chitsanzo cha dera lino."

Mafunso ankawerenga ndi Dieu, mtsikana wa zaumoyo amene anali atangoyamba kumene ntchito kwathu kuno.

"Amalume, kudya mumadya nokha?"

"Ndekha."

"Kusamba?"

"Ndekha."

"Kuvala? Kupita kuseri?"

"Mwana iwe, ukundiona ngati khanda? Ndekha."

Dieu anasiya kulemba. Anayang'ana mabatani aja, ang'onoang'ono ngati nyemba, kenako anatembenukira kukhomo la khitchini kumene mayi Lai anaima ndi mbale ya mtedza.

"Azakhali, ndi momwemo?"

Mayi Lai anaona makutu a amuna awo atafiira. Anaona a tcheyamani akumwetulirabe. Mkazi angatsutse mwamuna wake pamaso pa alendo, tiyi ali m'kamwa? Angamuvule pagulu munthu amene wakhala akumuveka zaka zonsezi?

"Mwamva nokha," anatero, naika mtedza patebulo.

Kenako kunali kudikira. Zotsatira amazimata pa bolodi la pa ofesi, ndipo mayi Lai ankapalasa njinga kupita kumeneko Lachiwiri ndi Lachisanu, atafunda pulasitiki, matope ofiira mpaka m'mawondo. Kalaliki anafika powazolowera moti ankayankha asanafunsidwe: "Sizinatuluke, azakhali. Mapepala ali pamwamba." Kumwamba kwake kuti, palibe ankadziwa. Pabenchi la panja ankapezapo anzawo odikira, bambo wina wa mwana wosamva ndi mayi wina wonyamula zithunzi za msana wa mwamuna wake m'thumba la mpunga, ndipo ankagawana mbatata yowotcha n'kumalimbitsana mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pobwerera ankaligwira bere lija mobisa kuti amve ngati chotupa chakula.

Sabata yachinayi pepala linamatidwa. Anatsata ndi chala mpaka pa dzina la amuna awo. Ulumali wopepuka.

A Tuong atamva anaseka chikhakhali, nakauza a Luyen pampanda. "Wamva? Boma lomwe lavomereza kuti ndine munthu wathunthu. Iwe ukanapita akanakuika gulu lalikulu chifukwa cha mutu wakowo." Mayi Lai anamva kusekako ali kukhitchini, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja lawo anawada amuna awo. Anawada kwenikweni. Koma kutsokomola kutamveka kuseri, anapukuta manja n'kupita.

Dieu anakumana nawo pamsika, nawakokera pambali. "Azakhali, ife tinalemba zimene tinaona ndi zimene tinauzidwa. Ngati pali zimene sitinaone, mukhoza kupempha kuti komiti ikhalenso. Koma pakamwa pakhale pa eni ake. Ine sindingalembe zimene ndikungoganiza."

Masabata awiri Tet isanafike, a chipatala anawaitana kuti akawapime magazi ndi mtima, ndipo anati agone konko usiku umodzi. Panalibe pothawira. Anasoka thalauza la lasitiki, anaphika mpunga ndi nsomba yochotsa minga, anadzaza ketulo ndi mtsuko, zonse anaika pofikirika.

"Pitani, make Mien, musadandaule," anatero a Tuong. "Munthu wa ulumali wopepuka angalephere masiku awiri?"

Anabwerako tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka. Amuna awo anali pakhonde, malaya omwe aja, akumwetulira.

"Mwayenda bwanji? Kuno zonse zili bwino."

Mawuwo anatuluka mokanda, ndipo milomo inali yong'ambika. Mayi Lai analowa m'nyumba. Anavundukula mpunga: unali momwe anausiyira, utayamba kuchita fungo. Nsomba yosakhudza. Ketulo yodzaza, mtsuko wodzaza. Munthuyo sanadye, sanamwe ngakhale dontho kwa masiku awiri, kuti thupi lisamupemphe chimene sakanatha kulichitira.

Anatuluka ndi mbale ya mpunga ija n'kuiika pamaso pawo.

"Ndi kukwanitsa kwanu kumeneku?"

"Njala sinandigwire."

"Masiku awiri mwatha. Nanga masabata atatu? Ndidzabwera ndi bere limodzi kudzapeza maliro? Bambo a Mien, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine mpeni wa dokotala sindikuuopa. Ndikuopa inu. Ndinazengereza opaleshoni miyezi iwiri chifukwa cha inu, ndipo chinthuchi chikukula, ndimachimva. Ndakubisani zaka makumi atatu ndi ziwiri ndi mtima wanga wonse, ndipo sindinadandaulepo. Koma lero ndikuona kuti ndinakubisani mpaka nanunso mwaiwala kumene muli."

Sanalankhulepo mawu ambiri chotero pa moyo wawo. Atatha anachita mantha, nathamangira kukatunga madzi. A Tuong anamwa makapu atatu. Tsiku lotsatira sanapite ku tchesi. Linzakelo anangoti, "Kamuuzeni mtsikana uja kuti komiti ikhalenso."

Ulendo uno anaitanidwa ku holo ya pa ofesi. M'mawa wa tsikulo mayi Lai anatseka chitseko monga mwa nthawi zonse, nawasambitsa, nawaveka thalauza ndi malaya. Atagwira batani la m'munsi, mkono woduka unatsekereza dzanja lawo.

"Lero ayi."

"Kunja kukuzizira."

"Ndati lero ayi. Lumonso bwezani."

Anayenda wapansi kudutsa pamsika, malaya ali pululu, nthiti zili pamtunda, kamvula kakuwaza. Amayi ogulitsa maluwa a Tet anasiya kuitana malonda. Mayi Lai ankatsatira pambuyo, maso pansi, manyazi akuwatentha ngati iwo ndi amene ali maliseche. A Luyen anasiya munthu pampando, mutu wometa mbali imodzi, n'kuwalondola.

M'holo munali anthu anayi omwe aja kuseri kwa tebulo. A Tuong sanakhale pansi.

"A tcheyamani, paja munati ndine chitsanzo. Ndiye onerani chitsanzo chanucho."

Anapana m'mphepete mwa malaya ndi mikono yawo n'kuyamba kusaka bowo. Batani linkaterereka. Anayesa kulikanikiza patebulo, linathawa. Anawerama kuti aligwire ndi mano, koma la m'munsi mano safikako. Anayambiranso. M'holo munkangomveka mpweya wawo. Mayi Lai anakhalira manja awo pabenchi, chifukwa zala zinkafuna kudzuka zokha.

"Basi, a Tuong, taona," anatero a tcheyamani.

"Simunaone. Tsiku lija munaona tiyi." Anapitiriza mpaka thukuta linadontha pachibwano, kenako anawongoka. "Mwana wanga Dieu, bwereza mafunso ako aja."

"Kusamba, amalume?"

"Si ndekha."

"Kuvala?"

"Waona wekha. Kumetanso si ndekha. Luyen, ndakuona pawindopo, tsegula makutu. Nsomba ndimadya yochotsa kale minga. Ndipo chifuwa chija mwakhala mukundibweretsera uchi, ndilibe chifuwa ine. Ndikatsokomola ndimakhala ndikuitana mkazi wanga kuti adzandithandize kuchimbudzi. Kawiri, katatu pa tsiku, kuyambira Mien asanabadwe. Amayi ake atamwalira munamunena kuti alibe mtima. Ankathamangira ine." Anatembenukira kwa Dieu. "Tsopano akupita kukang'ambidwa, ndipo wachedwa chifukwa cha ine. Lembani zimenezo. Lembani zonse."

Mayi Lai sanadziwe kuti alire kapena akwiye. Chimene anachisunga ngati dzira moyo wawo wonse, mwini wake anachiswa pamaso pa anthu. Koma pansi pa manyaziwo panali china chopepuka, ngati munthu watula mtolo umene anaiwala kuti wausenza. Anawanyadira amuna awo tsiku limenelo kuposa masiku onse a khasu ndi cholembera.

"Make Mien," anatero a Tuong osatembenuka, "tabwerani, ndazizidwa."

Anadzuka, nawamanga mabatani asanu ndi limodzi anthu akuona. A tcheyamani ankangopukuta magalasi awo. Dieu ankalemba mofulumira, uku akufwenthera.

Panja a Luyen anali atagwira m'chiuno. "Iwe Tuong, ndiwe mfiti! Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza makasitomala kuti pali munthu wopanda manja amene amameta bwino kuposa ine. Ndinkagona osapeza tulo ndi nsanje!" Kenako anavula chipewa n'kuweramira mayi Lai. "Alamu, dzanja lanu ndi labwino. Ndikanadziwa ndikanakulembani ntchito." Anatsokomola pang'ono. "Mukapita ku Hue, ine ndizibwera m'mawa. Akazi anga ndinawasamala zaka ziwiri ali chigonere, palibe chimene sindinachione."

"Pepala likatuluka," anadula a Tuong. "Ndidzakulemba ntchito ngati munthu. Zachisoni sindifuna."

"Nanga likapanda kutuluka?"

"Ndati pepala likatuluka."

Ndiye kudikira kunayambiranso, ndipo ulendo uno kunali kowawa kuposa poyamba. Mapepala anapita pamwamba paja, kenako maofesi anatseka chifukwa cha Tet. Mayi Lai anakulunga makeke a mpunga m'masamba, anapita kukasesa kumanda a makolo, analandira alendo. Alendowo chaka chimenecho ankawapatsa moni mwachilendo, mowerama kwambiri, ndipo uchi sanabweretse. Maofesi atatsegula anapalasa njinga m'mawa womwewo. Bolodi linali ndi mapepala a chaka chatha okhaokha.

"Sizinatuluke, azakhali," anatero kalaliki, ndipo ulendo uno ananena motsitsa maso.

Tsiku la dokotala linakwana pepala lisanatuluke. M'mawa umenewo anawasambitsa amuna awo pang'onopang'ono, nawameta mosamala, namanga mabatani.

"Mundilonjeze kuti muzidya."

"Basi ikusiyani, make Mien."

Lonjezo sanalimve. Anakwera basi mtima uli m'mwamba.

Opaleshoni inayenda bwino. Mien anapatsidwa sabata imodzi kuntchito, nabwera kudzakhala pambali pa bedi la mayi ake. Tsiku lililonse ankaimba foni kumudzi, ndipo tsiku lililonse yankho linali lomwelo: "Kuno zonse zili bwino." Mayi Lai ankawadziwa mawu amenewo. Anali atawamvapo pakhonde, kuchokera pa milomo yong'ambika. Bala silinkawapweteka ngati mawuwo. Akabweretsa phala ankangoliyang'ana, n'kumawerenga masiku: lachitatu, lachinayi, lachisanu. Munthu angakhale masiku angati osamwa madzi?

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, nthawi yoona odwala, kukhomo la wodi kunamveka mkangano.

"Ndakuuza kuti ndi chipinda ichi, wometa iwe, kuwerenga sudziwa?"

A Tuong analowa atapana envelopu yokutira m'pulasitiki, a Luyen ali pambuyo ndi thumba la malalanje. Anaima pafupi ndi bedi n'kuitambasula ndi mikono yonse iwiri, monga amaperekera tiyi kwa mlendo wolemekezeka.

"Latuluka dzulo. Dieu anabweretsa yekha kunyumba. Ulumali waukulu." Anayesa kuseka. "Ndakwezedwa paudindo."

Mayi Lai envelopuyo sanaiyang'ane n'komwe. Ankayang'ana milomo: yonyowa. Masaya: odzaza. Chibwano chinali chometedwa, chikununkhira mafuta otchipa a m'shopu ya a Luyen. Kenako maso awo anatsikira pamalaya. Kolala imodzi inali pamwamba, ina pansi, ndipo m'munsi batani limodzi linkalendewera lopanda bowo.

"Pepala latuluka dzulo," anatero pang'onopang'ono. "Nanga a Luyen anayamba liti kubwera?"

A Tuong anayang'ana kudenga.

"M'mawa womwe munachoka, alamu," anayankha a Luyen. "Anandikaniza. Ndiye ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuimba. Nyimbo yachitatu isanathe anatsegula."

"Agalu a mudzi wonse anayamba kulira," anatero a Tuong. "Ndinachitira chifundo agalu."

Mayi Lai anaseka, bala linawakoka, misozi inatuluka, ndipo sanadziwe ngati ndi ya kuseka kapena ya chiyani. Mtima unakhala pansi koyamba m'miyezi iwiri. Komabe, tinene zoona, kansanje kanalipo. Munthu wina anali atagwira mabatani awo, ndipo anawagwira molakwika.

"Inu a Luyen, mumayambira kumwamba eti?"

"Nanga amayambira kuti?"

"Tasenderani kuno, bambo a Mien."

Mkono wakumanja unali womangidwa pachifuwa. Anatambasula wakumanzere, namasula mabatani onse limodzilimodzi. Pomanga ndiye panavuta, chifukwa nsalu inkathawa, ndipo dzanja limodzi silingagwire bowo ndi batani nthawi imodzi. A Tuong anawerama, napana nsaluyo ndi mikono yawo iwiri kuti isasunthe. Batani la m'munsi linalowa.

"Onetsetsani, a Luyen," anatero mayi Lai. "Mawa musadzandichititsenso manyazi."

Amayi a pamabedi ena anali atadzuka kuonerera, Mien anagwira pakamwa, namwino anaima ndi thireyi yake pakhomo. Mayi Lai anapita pa batani lachiwiri. Chitseko chinali chotsegula, ndipo palibe amene anaganiza zochitseka.